Kuwunika ntchito ya kampani yolimbitsa makande ndi laimu, phulusa la nzimbe ndi zibuma za nyumba zogumulidwa

Aliyense amene anamangapo nyumba kapena kuyendetsa lole yodzaza katundu kumadera a Nchalo, Ngabu ndi Bangula amadziwa khalidwe la makande. M'chilimwe dothi lakuda limeneli limauma gwa ndi kung'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowa, koma mvula ikangokhazikika limafufuma ndi kusanduka matope omata amene amagwira matayala osawataya. Alimi a thonje ndi mapira amalikonda chifukwa limasunga chinyezi, pamene omanga amaliopa chifukwa limakankhira maziko m'mwamba m'dzinja n'kuwasiya lende m'chilimwe, ndipo n'chifukwa chake makoma ambiri a kuno ali ndi ming'alu yoyenda chopingasa kuchokera m'ngodya za mawindo. Ndemanga iyi ikukhudza kampani ina yaing'ono ya ku Blantyre imene tinaipatsa ntchito yolimbitsa bwalo la nyumba yathu yosungiramo mbewu pafupi ndi Ngabu, pamodzi ndi kamsewu kolumikiza bwalolo ku msewu waukulu wa M1. Sinditchula dzina lake chifukwa pali zina zimene ndikhale ndikudandaula nazo, koma njira imene imagwiritsa ntchito ndi yoti aliyense wofuna kulemba kontilakitala kuno ayenera kuimvetsa asanasaine pangano.

Njira yozolowereka yothana ndi makande ndi kukumba dothi loipalo, kukalitaya kwina, ndi kubweretsa gelevulo wochokera kumene angapezeke. Kampaniyi simachotsa makande, koma imawasakaniza pomwepo ndi laimu komanso phulusa la zotsalira za nzimbe, kenaka imayala pamwamba pake zibuma za konkire ndi njerwa zochokera ku nyumba zogumulidwa, zosakanizidwa ndi fumbi la kwale. Bwalo lathu lapirira madzinja awiri chimalizireni ntchitoyo, ndipo malole akumalowa ndi kutuluka ngakhale mu February, mwezi umene kale tinkanyamulitsa matumba pamutu kukafika nawo kumsewu. Maganizo anga ndi akuti ntchitoyi ndi yoyenera ndalama zake, koma chimene chaiyenereza si kutchipa kwa zipangizo zotayidwa monga mmene kampaniyi imanenera posatsa malonda ake. Chaiyenereza ndi kuyeza dothi asanaligwire, ndipo paliponse pamene anthu ake anasiya kuyeza ndi kusankha, ntchito inatsika pomwepo.

Makontilakitala ena amene tinayamba tawaitana ankangoyenda pabwalo, kupondaponda ndi chidendene, n'kutchula chiwerengero cha matipa a gelevulo. A kampaniyi anabwera ndi chida choyezera kulimba kwa dothi chotchedwa DCP, chomwe ndi ndodo yachitsulo yosongoka kunsonga imene amaikhomera pansi ndi nyundo yolemera makilogalamu 8 yogwa kuchokera pa mamilimita 575, n'kumalemba mmene chitsulocho chikulowera pa kumenya kulikonse. Chidachi si chachilendo m'dziko muno, pakuti mainjiniya a misewu yakumidzi amachigwiritsa ntchito kwambiri, koma eni malo wamba sitichiona kawirikawiri. Anakumbanso maenje angapo n'kutenga dothi kupita nalo ku labotale ku Blantyre, komwe analiyeza mphamvu ndi muyeso wotchedwa CBR, umene nambala yake imakwera dothi likakhala lolimba, atalinyika m'madzi masiku 4 monga mwa lamulo la muyesowo. Makande akanyikidwa chotere nthawi zambiri amapereka CBR yosafika 3, ndipo athu sanasiyane ndi anzawo, pamene injiniya amene tinamupempha kuti ayang'anire ntchitoyi anafuna kuti dothi lapansi lifike pa 15 asanayalepo chilichonse. Ku labotale komweko anayesa kusakaniza dothilo ndi laimu wochuluka mosiyanasiyana kufikira atapeza mlingo wokwanira, ndipo anatipatsa mapepala a zotsatirazo tisanawapemphe. Pa mbali imeneyi ndilibe chowadandaulira, kupatula kuti mtengo wa labotale sunalembedwe m'pepala loyamba la mitengo, unangotulukira pambuyo pake.

Laimu ndiye mwini ntchito yonseyi, ndipo a kapitawo a kampaniyi anafotokoza bwino chifukwa chake anakana matumba a laimu wa kumunda amene tinali nawo kale m'nyumba yosungiramo katundu. Laimu amene alimi amathira m'munda pochepetsa asidi ndi mwala wongopera chabe, ndipo sasintha khalidwe la makande ngakhale mutamuthira wochuluka bwanji. Wofunika pano ndi laimu wootchedwa mu uvuni kenaka n'kuzimitsidwa ndi madzi, mtundu womwe uja umene anthu amapakira nyumba. Laimu ameneyu akakumana ndi dothi lonyowa amachita zinthu ziwiri pa nthawi zosiyana. Choyamba chimachitika m'maola ochepa: kashiamu wa mu laimu amalowa m'malo mwa mchere wina umene uli pa tizidutswa ta dongo, tizidutswato timagwirana timaguluguluto, ndipo dothi lomwe linali lomata limayamba kufumbutuka m'manja ngati mgaiwa. Chachiwiri chimatenga masabata ndi miyezi, pamene laimu amasungunula michere ya m'dothi yotchedwa silika ndi alumina n'kupanga zomatira zofanana ndi zimene zimalimbitsa simenti. Mlingo wa laimu pa ntchito zotere nthawi zambiri umakhala pakati pa magawo 2 ndi 6 pa magawo 100 alionse a dothi louma, ndipo kuchepetsa mlingowo pofuna kupulumutsa ndalama kumangopereka kusintha koyamba kuja popanda kulimba kokhalitsa. Dziko lino lili ndi miyala ya laimu yambiri, monga ya m'mapiri a Chenkumbi ku Balaka, koma laimu wootchedwa m'mauvuni ang'onoang'ono amasiyana mphamvu thumba ndi thumba, choncho ndinakondwera kuona kuti kampaniyi inayezetsanso laimu weniweniyo m'malo mongokhulupirira zolembedwa pathumba.

Phulusa ndilo limene linandikayikitsa poyamba. Mafakitale a shuga, monga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, amatentha makoko a nzimbe zofinyidwa kuti apeze nthunzi ndi magetsi oyendetsera makina awo, ndipo phulusa lotsala limakhala ndi silika wambiri. Palokha phulusali silimata chilichonse, ndipo munthu amene angalithire pa makande popanda laimu angodetsa bwalo lake. Ntchito yake ndi kupatsa laimu silika woonjezera woti agwire naye ntchito, zimene zimalola kuti laimu, yemwe ndi wodula, agwiritsidwe ntchito wocheperako. Maiko amene ali ndi malo akuluakulu opangira magetsi ndi malasha, monga South Africa ndi malo ake a Lethabo, Matla ndi Kendal, amagwiritsa ntchito phulusa la malasha pa cholinga chomwechi, komanso zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira chitsulo zopera bwino. Ife tilibe mafakitale otere, kotero zotsalira zimene tingadalire ndi za nzimbe, mankhusu a mpunga a ku Karonga ndi ku Nkhotakota, ndi fumbi la m'makwale. Ubwino wa phulusa umadalira mmene linapsera: lotuwa ndiye labwino, pamene lakuda bii limakhala ndi makala osapsa amene amamwa madzi ndi kufooketsa msanganizo, ndipo lopsa pa moto woposa muyeso silika wake amauma mwa mtundu wina umene laimu amavutika kuusungunula. Anthu a kampaniyi anasefa phulusa lawo ndi sefa ya waya, analivindikira ndi matenti kuti mphepo isaliulutse, ndipo milu yakuda kwambiri anaiika pambali osaigwiritsa ntchito. Pa izi anachita mosamala kuposa mmene ndinkayembekezera.

Kagwiridwe ka ntchito pabwalo kanali kadongosolo. Anayamba ndi kupala dothi lapamwamba lokhala ndi mizu ndi manyowa, chifukwa zinthu zoola zimalepheretsa laimu kugwira, kenaka anagalauza makande kuya kwa masentimita pafupifupi 20 ndi pulawo ya thirakitala. Matumba a laimu anawandandalika motalikirana mofanana pabwalo lonse asanawang'ambe, njira yosavuta yotsimikizira kuti malo alionse alandira mlingo wake popanda makina odula. Atasakaniza ndi kuthira madzi anasiya dothilo masiku awiri kuti laimu aphwanye zibuma za dongo, ndipo atabwerera anathira phulusa, kusakanizanso, n'kutsendera ndi rola ya mano kenaka yosalala. Kwa sabata yathunthu anapitiriza kuwaza madzi m'mawa ndi madzulo, chinthu chofunika kwambiri m'chigwa chimene kutentha kwa October kumadutsa madigiri 40, pakuti dothi la laimu likauma msanga mpweya umabwezera laimu wapamwamba kukhala mwala wosagwira ntchito, ndipo khungu la pamwamba limafumbutuka. Chimene sindinakondwere nacho ndi mmene anasamalira aganyu. Laimu amawotcha khungu lonyowa ndi thukuta ndipo akhoza kuwononga maso, koma anyamata amene anawalemba m'midzi yoyandikana nafe anayamba kung'amba matumba opanda magolovesi, opanda magalasi, ena atavala masilipasi. Zodzitetezera zinabwera injiniya wathu ataimitsa ntchito, ndipo kampani imene imadziwa bwino chotere za mphamvu ya laimu m'dothi sinayenera kudikira kuuzidwa za mphamvu yake pa thupi la munthu.

Vuto lalikulu linabwera ndi zibuma. Matipa oyambirira anabweretsa konkire yoswedwa yoyera bwino, yochokera ku masilabu ndi mizati, ndipo konkire yotere ndi chuma chenicheni pa ntchito ya msewu. Zidutswa zake zili ndi ngodya zakuthwa zimene zimalumana zikatsenderedwa, komanso mkati mwake mumakhala simenti ina imene sinakumanepo ndi madzi, imene imayambanso kugwira konkireyo ikaswedwa ndi kunyowetsedwa, kotero kuti mulingo wotere, kutanthauza zibuma zoyalidwa ndi kutsenderedwazo, umanka nulimba pakapita miyezi. Koma matipa otsatira anali osiyana kwambiri. Munali njerwa zosapsa bwino zimene zinkafumbutuka pozifinya ndi dzanja, matabwa, mapepala apulasitiki, zidutswa za siling'i ya gypsum, ndipo m'tipa lina tinapezamo mapale a malata akale a asibesitosi. Chilichonse mwa izi chili ndi vuto lake. Matabwa amaola n'kusiya mphako pansi pa bwalo. Njerwa zathu zambiri zimaotchedwa m'mauvuni a kumudzi momwe za m'mbali sizilandira moto wokwanira, ndipo zikaponderezedwa ndi lole zimabwerera kukhala dothi. Gypsum ndiye woopsa mwakachetechete, chifukwa salifeti wake akakumana ndi laimu, alumina wa m'dongo ndi madzi amapanga mchere wotchedwa ettringite umene umafufuma ndi kutukula mulingo wonse, kutanthauza kuti munthu akhoza kulipira ndalama zambiri pochiza kufufuma kwa makande n'kudzibweretsera kufufuma kwa mtundu wina. Za asibesitosi sizifuna kukambirana, pakuti fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda osachiritsika, ndipo kuswa mapale otere ndi nyundo pabwalo losungirapo chimanga ndi chinthu chosayenera kuchitika.

Titawaonetsa, a kapitawo sanatsutse, koma anafotokoza kuti kampani simagumula yokha nyumba, imangogula zibuma kwa ogumula osiyanasiyana a mu mzinda, ndipo oyendetsa matipa amalipidwa pa ulendo, osati pa ubwino wa katundu. Kufotokoza kumeneku n'koona, koma kukusonyeza pamene malonda awo ali ofooka: alibe malo awoawo osankhirapo zibuma zisanakwezedwe. Matipa oipawo anabwezedwa pa ndalama zawo, chinthu chimene ndiyenera kuwayamikira, ngakhale kuti ntchito inachedwa mpaka mitambo ya mvula yoyamba itayamba kuoneka. Analibenso makina oswera miyala, kotero zibuma zikuluzikulu zinkaswedwa ndi manja, ndipo kukula kwake sikunali kofanana. Injiniya wathu anaumirira kuti chidutswa chilichonse chisapose masentimita 5 mu mulingo wa masentimita 15, kuti njerwa zikhale gawo lochepa poyerekeza ndi konkire, ndiponso kuti muluwo unyowetsedwe dzulo lake usanayalidwe, popeza njerwa ndi konkire yakale zimamwa madzi ambiri kuposa mwala watsopano wa kwale ndipo zikayalidwa zouma zimalanda madzi ofunika potsendera. Fumbi la kwale linadzaza mipata ya pakati pa zidutswazo. Kumene malangizowa anatsatidwa mulingo unatuluka wolimba moti chitsulo cha DCP chinkavutika kulowa.

Pa nkhani ya mtengo, wofuna ntchitoyi asanyengedwe ndi mawu akuti zipangizo zake n'zotayidwa. Zibuma zimagulidwa motchipa ku Blantyre, koma kuchokera kumeneko kufika ku Ngabu ndi makilomita pafupifupi 100, kutsika mapiri mpaka pa Thabwa ndi kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, ndipo tipa lililonse limabwerera lopanda kanthu. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, dizilo ndiye amalamula mtengo wa ntchito iliyonse yonyamula dothi ndi miyala, ndipo masiku amene mafuta ankasowa makina ankangokhala pabwalo. Titawerengera zonse, tinalipira mocheperako poyerekeza ndi mitengo imene tinapatsidwa ya kukumba ndi kuthira gelevulo, koma kusiyana kwake sikunafike pa theka limene wotsatsa malonda wawo analonjeza pa foni. Phindu lenileni linachokera ku laimu ndi phulusa, chifukwa kulimbitsa makande pamalo pomwepo kunachotsa maulendo onse okataya dothi ndi obweretsa lina lolowa m'malo mwake. Kwa munthu wa mu Blantyre kapena mu Lilongwe, amene zibuma zili pafupi naye, masamu akhoza kutuluka mokomera kwambiri, pamene kwa wokhala pafupi ndi mgodi wa gelevulo wabwino zibuma zochokera kutali sizingamupindulire konse.

Madzinja awiri aja aonetsa bwino pamene ntchitoyi ili yolimba ndi pamene ili yofooka. Pakati pa bwalo ndi pakati pa kamsewu palibe potitimira kapena mikwasa ya matayala, ndipo madzi amatsetsereka msanga chifukwa anapendeketsa bwalo ndi kukumba ngalande mbali zonse. M'mphepete ndi momwe munatuluka ming'alu yaitali yotsatira msewu chilimwe choyamba chitafika. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense wodziwa makande: dothi la pansi pa pakati pa msewu limasunga chinyezi chofanana chaka chonse, pamene la m'mbali limanyowa ndi kuuma motsatira nyengo, ndipo likamafufuma ndi kunyala limakoka mphepete mwa mulingo wolimbitsidwa uja. Kampaniyi inathira laimu kulekezera ndendende pamene pangano linanena, pamene ikanayenera kutilangiza kuti tipitirire mita imodzi kapena kuposerapo mbali iliyonse ndi kutalikitsa ngalande kuchoka m'mphepete. Ichi ndimachiona ngati kulephera kwa uphungu, pakuti anthu amene anayeza dothi mosamala chotere ankadziwa zimene lidzachite. Anabwera kudzatseka ming'aluyo ndi kukuza mapewa a msewu titawaitana, ndipo anangotilipiritsa zipangizo zokha. Pamalo pamene malole amakhotera, matayala amazula timiyala ta pamwamba ndipo m'chilimwe pamatuluka fumbi lotuwa, zimene sizodabwitsa pa bwalo lopanda phula kapena njerwa zoyala. Sanatilonjeze kuti ntchito yawo ingapirire madzi osefukira a mtundu umene chigwa chino chinaona ndi namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023, ndipo anachita bwino kusalonjeza.

Chinthu china chimene chinandipatsa chikhulupiriro mwa iwo ndi ntchito imene anakana. Titawafunsa ngati angalimbitsenso chimodzimodzi malo amene tikufuna kumangapo ofesi, anayankha kuti laimu wa masentimita 20 kapena 30 apamwamba sangateteze nyumba, chifukwa kunyowa ndi kuuma kwa makande kumafika kuya kopitirira mita, ndipo nyumba imafuna maziko opangidwa ndi injiniya, monga silabu yolimbitsidwa ndi mitanda ya konkire ndi zitsulo, pamodzi ndi khonde lotalikitsa madzi a padenga. Ananenanso kuti pa dothi la mchenga laimu alibe dongo loti agwire nalo ntchito ndipo simenti ndiyo yoyenera, komanso kuti m'madambo a dothi lodzaza ndi zoola njira yawo sigwira bwino. Kontilakitala wofuna ndalama zachangu akanavomera zonsezi.

Ndingailembenso kampaniyi pa bwalo, pa malo oimikapo magalimoto kapena pa msewu wolowera kumunda, koma pangano lake ndingalilembe mosiyana. Ndingafune kuti mtengo wa labotale ndi wa mayendedwe ulembedwe padera kuyambira pachiyambi, kuti tipa lililonse la zibuma lionedwe ndi munthu wathu lisanakhuthulidwe, kuti gypsum, matabwa ndi asibesitosi zitchulidwe ndi maina kuti n'zoletsedwa, kuti zodzitetezera za aganyu zifike tsiku limodzi ndi laimu, ndiponso kuti gawo lina la malipiro lisungidwe kufikira dzinja loyamba litadutsa. Ndingalimbikitsenso kuti ntchito iyambe mu May kapena June, madzi a m'dothi atatsika koma kutentha kusanafike pachimake, ndiponso kuti pakhale injiniya wodziimira payekha, popeza pafupifupi zonse zimene zinakonzedwa pa bwalo lathu zinakonzedwa chifukwa iye anaziona msanga. Pamalo pokhotera malole tagwirizana kuti tiyalepo njerwa za simenti chilimwe chikubwerachi, ndipo muyeso wa DCP umene tinabwereza mwezi wathawu wasonyeza kuti mulingo wapansi sufunika kugalauzidwanso.